Mtima wofooka: kompyuta yayamba kukumbutsa madokotala za mankhwala

Dandaulo limene timalimva kawirikawiri pa misonkhano yathu, makamaka kwa makolo athu amene abwera kudzationa kuno ku America, ndi lakuti dokotala wa kuno amayang'ana kompyuta kuposa wodwala. Munthu walowa, wakhala pansi, akufotokoza za kutupa kwa miyendo, koma dokotala maso ali pa sikirini, zala zili pa mabatani. Dandauloli n'lomveka ndipo ife anamwino sitilitsutsa. Koma lero tikufuna tikufotokozereni chimodzi mwa zinthu zimene zimaoneka pa sikirinipo, chifukwa kwa munthu amene mtima wake wafooka chikhoza kumuonjezera zaka za moyo. Tikunena za kauthenga kamene kamatulukira pa kompyuta kukumbutsa dokotala kuti wodwala amene wakhala patsogolo pakeyo sakulandira mankhwala ena amene amayenera kulandira.

Kufooka kwa mtima

Matenda amene tikunenawa pachingerezi amati heart failure. Dzinali limaopsa, moti ena akangolimva amayesa kuti mtima waima kapena watsala pang'ono kuima. Si choncho ayi. Mtima umakhala ukugundabe, kungoti sukutha kupopa magazi okwanira thupi lonse. Zikatero madzi amayamba kudzadza m'mapapo, m'mimba ndi m'miyendo. Munthu amachita befu akangokwera masitepe angapo, nsapato zimamuthina ikamafika madzulo, usiku sagona tulo pokhapokha atasanjikiza mapilo awiri kapena atatu, ndipo nthawi zina amadzidzimuka pakati pa usiku akubanika. Kumudzi munthu akatupa miyendo n'kumatsokomola chonchi, akuluakulu ena amathamangira kunena za mdulo. Kuchipatala timayamba taona mtima ndi impso.

Kuno ku America anthu opitirira 6 miliyoni ali ndi vutoli, ndipo ambiri mwa iwo ndi okalamba. Kwa ife a ku Africa limabwera msanga. Kafukufuku wotchedwa THESUS-HF, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2012, anaona odwala 1,006 ogonekedwa m'zipatala za maiko 9 a ku Africa, kuphatikizapo Mozambique ndi South Africa. Zaka zawo zinali 52 tikatengera pakatikati, ndipo pafupifupi theka la iwo gwero la vutolo linali kuthamanga kwa magazi, BP yomwe ija timaitenga ngati nthenda wamba. Tsono nkhaniyi si ya agogo okha. Ndi ya bambo wa zaka za m'ma 40 amene akugwira mashifiti awiri, ndiponso ya mayi amene wangochira kumene, popeza pali mtundu wina wa kufooka kwa mtima umene umagwira amayi kumapeto kwa mimba kapena atangobereka, ndipo umapezeka kwambiri mwa amayi akuda.

Pofuna kudziwa mphamvu ya mtima, achipatala amauunika ndi makina a echo, ofanana ndi amene amaunikira amayi oyembekezera. Makinawa amapereka nambala yotchedwa ejection fraction, mwachidule EF, imene imasonyeza gawo la magazi limene mtima umatulutsa ukagunda kamodzi. Mtima wabwinobwino umakhala pakati pa 50 ndi 70. Nkhani yathu ya lero ndi ya anthu amene EF yawo ili pa 40 kapena kutsika. Ngati pakhomo panu pali wodwala mtima ndipo palibe amene akuidziwa nambala imeneyi, yambirani pamenepo.

Mankhwala anayi

Kwa zaka zambiri mankhwala otalikitsa moyo wa munthu wotere analipo magulu atatu, ngati mafuwa. Gulu loyamba ndi la enalapril, lisinopril, losartan ndi anzawo, amene ambiri timawadziwa ngati mankhwala a BP. Mu 2014 kafukufuku wamkulu anaonetsa kuti mankhwala atsopano a m'gulu lomweli, sacubitril/valsartan, amene kufamase amadziwika ndi dzina loti Entresto, amaposa enalapril pochepetsa imfa ndi kugonekedwa m'chipatala. Gulu lachiwiri ndi la carvedilol, bisoprolol ndi metoprolol succinate, amene amachepetsa liwiro la mtima kuti uzipumako. Lachitatu ndi la spironolactone ndi eplerenone. Spironolactone ndi mankhwala akale komanso otsika mtengo, koma mu 1999 anapezeka kuti amachepetsa imfa ndi 30 peresenti mwa odwala amene mtima wawo unafooka kwambiri.

Gulu lachinayi linabwera mosayembekezeka. Dapagliflozin ndi empagliflozin, kapena kuti Farxiga ndi Jardiance, anapangidwira matenda a shuga, koma mu 2019 ndi 2020 zinatsimikizika kuti amathandiza mtima wofooka ngakhale munthu alibe shuga. Ndiye mukaona amayi anu apatsidwa Jardiance, musathamangire kuimba foni kumudzi kuti apezeka ndi shuga.

Mwina mukudabwa kuti sitinatchule furosemide, Lasix uja wokodzetsa, amene odwala amamukonda chifukwa ntchito yake imaoneka tsiku lomwelo. Amachotsa madzi, miyendo imaphwa, munthu amapuma bwino. Ndi wofunika ndithu, koma ntchito yake ndi kupepuza munthu. Amene anaonetsa kuti amatalikitsa moyo ndi anayi aja. Mu 2020 akatswiri ena analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kuti, powerengetsera zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana, munthu wa zaka 55 amene akumwa magulu onse anayi akhoza kukhala ndi moyo zaka 6 zoonjezera poyerekeza ndi amene akumwa awiri akale okha. Zaka 6 ndi mwana kuyamba Fomu 1 mpaka kufika chaka chachiwiri ku koleji. N'chifukwa chake malangizo a akatswiri a mtima a ku Europe a mu 2021 ndi a kuno a mu 2022 akuti onse anayi ayambidwe msanga pa mlingo wochepa, kenako azikwezedwa pang'onopang'ono.

Vuto n'lakuti odwala ambiri sawalandira. Kafukufuku wa CHAMP-HF, wa mu 2018, anaona odwala 3,518 m'zipatala 150 za dziko lino, pa nthawi imene magulu anali akadali atatu. Mwa odwala amene analibe chowaletsa, 27 pa 100 alionse sankalandira gulu loyamba, 33 sankalandira lachiwiri, ndipo 67 sankalandira spironolactone kapena mnzake. Amene ankamwa onse atatu pa mlingo wokwanira anali mmodzi yekha pa 100 alionse. Izi ndi za kuno kolemera, osati za kwathu kumene mankhwala amatha kufamase ya boma.

Chifukwa chake si ulesi wa madokotala. Nthawi zambiri dokotala amakhala ndi mphindi 15 kapena 20, ndipo wodwala wabwera ndi bondo lopweteka, shuga wokwera ndi fomu ya kuntchito yoti isainidwe. Dokotala wa banja amaganiza kuti za mtima asiyire katswiri wa mtima, katswiriyo naye amamuona wodwalayo mwa apo ndi apo. Palinso mantha enieni akuti BP itsika kwambiri, kapena kuti spironolactone akweza mchere wa potassium m'magazi, zomwe zikhoza kusokoneza kagundidwe ka mtima. Koma chachikulu ndi ichi: wodwala akanena kuti akupeza bwino, palibe amene amafuna kugwedeza mphika umene wakhazikika. Ndipo pa kunena kuti tili bwino, ife Amalawi ndi akatswiri. Mayi amene wagona chokhala usiku wonse akafunsidwa ndi dokotala kuti akupeza bwanji, amayankha mwaulemu kuti ali bwino, ngati akuyankha moni wa pamsewu. Chonsecho mtima wofooka umapitirira kuonongeka ngakhale munthu akumvako bwino, ndipo nthawi yabwino yoonjezera mankhwala ndi imeneyo.

Kabokosi ka pa sikirini

Kuyambira mu 2009, pamene boma la America linakhazikitsa lamulo lopereka ndalama ku zipatala kuti zisiye mafayilo a mapepala, mbiri ya wodwala inasamukira pa kompyuta. Zipatala zambiri zikuluzikulu zimagwiritsa ntchito pulogalamu ya kampani ya Epic ya ku Wisconsin, yomwe ija ili ndi MyChart imene ambiri muli nayo pa foni. Kwa ife izi si zachilendo kwenikweni. Amene munagwirapo ntchito m'zipatala za kwathu mukukumbukira makompyuta odina ndi chala a Baobab Health, amene anayambira pa Kamuzu Central Hospital kenako n'kufalikira m'malo olandirira ma ARV, akumatsogolera wachipatala funso ndi funso. Ganizo lake ndi limodzi. Ngati kompyuta ikudziwa kale EF ya munthu, BP yake, mmene impso zake zikugwirira ntchito ndi mankhwala amene akumwa, ikhoza kuona yokha chimene chikusowa n'kunena.

Amene anayesa ganizoli mwadongosolo ndi a ku Yale, m'chigawo cha Connecticut, kuphatikizapo Dr. Tariq Ahmad ndi Dr. Lama Ghazi. Anatenga madokotala ndi ena olemba mankhwala okwana 100 n'kuwagawa pawiri mwa maere. Gulu limodzi linapitiriza kugwira ntchito mwa masiku onse. Gulu linalo, likatsegula polembera mankhwala a wodwala wa EF ya 40 kapena kutsika, linkaona kabokosi kosonyeza EF, BP, liwiro la mtima, potassium ndi mphamvu ya impso, pamodzi ndi magulu anayi aja, osowawo ataonetsedwa poyera. Pomwepo panali podina kuti awalembe. Odwala onse analipo 1,310. Zotsatira zinatuluka mu 2022 ndi dzina loti PROMPT-HF. Patatha masiku 30, odwala 26 pa 100 alionse a mbali ya kabokosi anali ataonjezeredwa gulu la mankhwala, pamene mbali inayo anali 19. Kunena kwina, pa odwala 14 alionse amene kabokosiko kanaoneka, mmodzi anapindula amene akanabwerera kunyumba chimodzimodzi.

Chaka chotsatira a chipatala cha NYU Langone ku New York, motsogozedwa ndi Dr. Amrita Mukhopadhyay, analunjika pa gulu lonyalanyazidwa kwambiri lija la spironolactone. Anagawa akatswiri a mtima 180 patatu. Ena ankaona chikumbutso wodwala ali m'chipinda momwemo, ena ankalandira kalata ya pa kompyuta kamodzi pamwezi yokhala ndi maina a odwala awo amene akusowa mankhwalawa, ndipo ena sankalandira kanthu. Kompyutayo inkayamba yapatula odwala a potassium wokwera, impso zofooka kwambiri kapena BP yotsika, kuti isavutitse dokotala ndi anthu osayenera mankhwalawo. Mwa odwala 2,211, amene analemberedwa mankhwalawa anali pafupifupi 30 pa 100 m'gulu la chikumbutso, 16 m'gulu la kalata, ndi 12 m'gulu lotsalalo. Uthenga unali umodzi, koma ukafika wodwala atapita kale unkangokhala pa mulu wa makalata ena.

Tisakokomeze. Ngati 26 anaonjezeredwa mankhwala, ndiye kuti 74 anatuluka monga analowera, ngakhale kuti kwa ena mwa iwo panali zifukwa zomveka. Komanso chimene ankawerenga kwenikweni ndi mankhwala olembedwa, osati miyoyo yopulumuka. Dokotala kulemba ndi china, munthu kukagula n'kumamwa tsiku ndi tsiku ndi chinanso. A ku Yale omwewo atayesa kabokosi kofanana kwa odwala 1,012 ogonekedwa m'mawodi, sipanakhale kusiyana: mbali zonse ziwiri oonjezeredwa mankhwala anali 34 pa 100. M'mbuyomo anali atayesanso kabokosi kena kosonyeza dokotala kuti wodwala wake ali pa chiopsezo chotani chomwalira m'chaka chimodzi, koma kosamuuza choti achite. Palibe chinasintha.

Ife ogwira ntchito m'mawodi sitidabwa nazo. Pa shifiti imodzi kompyuta imatiimitsa kambirimbiri: uyu ali ndi mankhwala awiri osagwirizana, uyu sanabayitse katemera wa chimfine, uyu akhoza kugwa pabedi. Zambiri timakhala tikuzidziwa kale, zina sizimukhudza n'komwe wodwalayo. Mapeto ake chala chimazolowera kudina potsekera maso asanawerenge, monga mmene anthu amazolowerera galu wouwa usiku uliwonse mpaka osadzukanso tsiku lobwera mbala. Kale mu 2006 akatswiri a ku Netherlands, ataunika kafukufuku wosiyanasiyana, anapeza kuti pakati pa 49 ndi 96 pa 100 alionse a machenjezo a mankhwala ankangotsekedwa osatsatidwa. Ophunzira athu amene mukuchita za unamwino, za famase kapena za makompyuta, ntchito ili apa. Kabokosi kamene kanathandiza ndi kamene kanafika kwa munthu woyenera, pa nthawi yolemba mankhwala, kali ndi manambala onse pamalo amodzi ndiponso podina pake. Kupanga kabokosi kotere kumafuna munthu wodziwa makompyuta amenenso anaimapo pafupi ndi bedi la wodwala.

Kwa ife umboni wamphamvu kuposa wonsewu sunachokere pa sikirini. Kafukufuku wa STRONG-HF, wa mu 2022, anachitika m'maiko 14, kuphatikizapo Mozambique, Nigeria ndi South Africa, pa odwala 1,078 amene ankatulutsidwa m'chipatala. Theka la iwo ankaonedwa patatha sabata imodzi, ziwiri, zitatu ndi zisanu n'imodzi, akumayezedwa magazi, ndipo mankhwala ankakwezedwa mofulumira kufika pa mlingo wokwanira. Patatha masiku 180, omwalira kapena ogonekedwanso anali 15 pa 100, pamene kwa olandira chisamaliro cha masiku onse anali 23. Kafukufukuyu anaimitsidwa nthawi isanakwane chifukwa kusiyanako kunali koonekeratu. Chimene chinathandiza anthu ndi kuonedwa pafupipafupi pamodzi ndi kukweza mankhwala mofulumira. Zipatala zambiri za kuno zili ndi kiliniki ya mtima wofooka yoyendetsedwa ndi anamwino ndi a famase, ndipo sikulakwa kupempha kuti akutumizeniko.

Zimene kompyuta siidziwa za ife

Kompyuta imadziwa zokhazo zimene munthu wina analembamo, ndipo apa m'pamene ife obwera timatsalira. Bambo afika kuchokera kumudzi ndi kabuku kawo ka kuchipatala ndi timapepala ta mapiritsi tojambulidwa dzuwa ndi mwezi. Echo anawajambula ku Blantyre kapena ku Lilongwe, zotsatira zake zili m'chikwama kapena zinatsala m'kabati. Kwa kompyuta ya kuno bambowo alibe EF, ndipo popanda EF kabokosi sikatuluka. N'chimodzimodzi ndi ife amene tasamuka kawiri katatu kutsata ntchito kapena sukulu, tikumasintha inshuwaransi ndi zipatala, kapena amene timangopita ku emergency zikathina. Mbiri yathu ili zidutswazidutswa, ndipo makompyuta a zipatala zosiyana sagawana zonse nthawi zonse. Tengani mapepala onse mupite nawo, ndipo pemphani kuti alowetsedwe.

Palinso mndandanda wa mankhwala umene uli m'kompyutamo. Ukasonyeza kuti munthu akumwa magulu onse anayi, kompyuta imakhala chete. Siidziwa kuti Entresto anasiyidwa miyezi itatu yapitayo chifukwa cha mtengo, kuti piritsi likudulidwa pakati kuti botolo lifike kumapeto kwa mwezi, kapena kuti bambo anasiya spironolactone chifukwa mabere anayamba kutupa ndi kupweteka koma akuchita manyazi kunena. Vuto lomalizali ndi lodziwika ndipo eplerenone salibweretsa kawirikawiri. Ife anamwino tikamafunsa ngati mukumwadi mankhwala onse, sitikuimba mlandu. Tikufuna mndandandawo unene zoona. Njira yachidule ndi kulongedza mabotolo onse m'jumbo, ngakhale amene munasiya, n'kupita nawo.

M'jumbomo muikemonso zimene sizinalembedwe ndi dokotala. Brufen, Indocid ndi diclofenac, amene ambiri timabwera nawo kapena kutumiziridwa chifukwa cha msana ndi mawondo, amasunga madzi m'thupi ndipo amavutitsa impso. Kwa munthu wa mtima wofooka ndi adani, ndipo Advil ndi Aleve a m'sitolo za kuno ndi a gulu lomwelo. Mankhwala azitsamba ndi ufa wosiyanasiyana wogulitsidwa pa intaneti nawonso atchulidwe. Za kukhitchini nazo zilimo. Soda wa m'therere ndi timabuloko tokometsera ndiwo zili ndi sodium wambiri, yemwe uja ali mu mchere. Chidulo, poti chimachokera ku phulusa la zomera, chili ndi potassium, monganso mchere wa m'sitolo umene amati ndi wolowa m'malo mwa mchere weniweni. Munthu amene akumwa spironolactone asagwiritse ntchito zimenezi asanafunse. Ndipo amene mumasala kudya ndi kumwa pa nthawi ya mapemphero, nenani, chifukwa Farxiga, Jardiance ndi mapiritsi okodzetsa amafuna malangizo apadera munthu akamasala, akamasanza kapena akatsegula m'mimba.

Pali zinanso ziwiri zokhudza ife anthu akuda. Mu 2004 kafukufuku wa A-HeFT, wa odwala 1,050 akuda a kuno ku America, anaonetsa kuti kuonjezera hydralazine ndi isosorbide dinitrate pa mankhwala ena aja kunatsitsa imfa kuchoka pa 10 kufika pa 6 pa 100 alionse. Malangizo a kuno amalimbikitsa mankhwalawa kwa odwala akuda amene akuvutikabe ndi befu ngakhale akumwa enawo. Sali m'magulu anayi aja, choncho n'chapafupi kuti aiwalike, ndipo n'koyenera kufunsa ngati akukuyenerani. Chachiwiri n'chakuti lisinopril, enalapril ndi Entresto amatupitsa milomo, lilime kapena pakhosi mwa anthu akuda kawirikawiri kuposa mwa azungu. Sizichitikira ambiri, koma zikachitika ndi za 911 nthawi yomweyo, ndipo ngati zinakuchitikiranipo kwathu, ziyenera kulembedwa m'kompyuta ya kuno. Amayi oyembekezera kapena amene akufuna kutenga mimba anene msanga, chifukwa mankhwala a gulu loyamba amaononga mwana m'mimba.

Wodwala naye akhoza kukumbutsa

A ku University of Colorado, motsogozedwa ndi Dr. Larry Allen, anayesa kutumiza chikumbutso kwa wodwala m'malo mwa dokotala. Masiku ochepa tsiku lokaonana ndi katswiri wa mtima lisanafike, odwala ankalandira kanema wa mphindi 3 ndi pepala limodzi losonyeza mankhwala ofunika, kuti ayerekeze ndi amene akumwa n'kukafunsa. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2021, zinasonyeza kuti 49 pa 100 mwa olandira kanemayo anayambitsidwa kapena kukwezeredwa mankhwala m'masiku 30, pamene kwa osalandira anali 30. Odwala anali ochepa, osakwana 300, komabe kusiyanako n'kwakukulu kuposa kwa kabokosi ka ku Yale.

Tikudziwa kuti kwathu kufunsa dokotala mafunso kumaoneka ngati mwano. Kuno sikutero, ndipo paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funsani kuti EF ili pa chiyani ndipo inayezedwa liti. Funsani kuti mwa magulu anayi aja wodwala akumwa angati, ndipo ngati lina palibe, chifukwa chake n'chiyani. Yankho likhoza kukhala lomveka, monga impso zofooka, potassium wokwera, BP yotsika kapena mtima wogunda pang'onopang'ono, ndipo mukatero mwadziwa. Funsaninso ngati mlingo wafika pokwanira kapena ukwezedwabe. Ngati makolo samva bwino Chingerezi, chipatala chiyenera kupeza womasulira kwaulere, ngakhale wa pa foni. Musamusenzetse mwana wa kusekondale udindo womasulira za mtima wa agogo ake. Makolo akavomera, mwana wawo wamkulu akhoza kupatsidwa chilolezo choona MyChart yawo, ndipo kuyambira mu 2021 lamulo limalola wodwala kuwerenga zimene dokotala walemba za iye.

Za ndalama tinene poyera. Carvedilol, lisinopril, losartan ndi spironolactone ndi otsika mtengo ngakhale kwa munthu wopanda inshuwaransi. Ovuta akhala Entresto, Farxiga ndi Jardiance. Mu 2025 sacubitril/valsartan wopangidwa ndi makampani ena anayamba kupezeka kuno, ndipo chaka chomwecho Medicare inaika malire a madola 2,000 pa ndalama zimene munthu angalipire yekha pa mankhwala a kufamase. Atatuwa analinso m'gulu la mankhwala 10 oyamba amene boma linakambirana mitengo yake, imene inayamba kugwira ntchito mu Januwale 2026. Koma makolo obwera pa viza ya alendo alibe Medicare. Mtengo ukakulepherani nenani musanachoke m'chipindamo, osati kungosiya mankhwala kufamase. Ndipo ngati makolowo akubwerera kumudzi, uzani dokotala kuti asankhe mankhwala amene akapezeke kumeneko. Pemphani pepala losindikiza lokhala ndi EF, maina enieni a mankhwala osati a malonda, milingo yake ndi zotsatira za magazi, mulimate m'kabuku kawo ka kuchipatala.

Mankhwala atsopano akalembedwa, ntchito yayamba kumene. Munthu woyamba spironolactone kapena eplerenone amayenera kuyezedwa potassium ndi impso mkati mwa sabata imodzi kapena ziwiri, kenako patatha mwezi, ndipo tsiku limeneli lisaphonyedwe chifukwa cha shifiti. Wochoka pa lisinopril kapena enalapril kupita pa Entresto amadikira maola 36 pakati pake, ndipo botolo lakalelo lichotsedwe m'nyumba kuti lisasokonezeke ndi latsopano. Carvedilol ndi anzake amatha kufooketsa munthu masabata oyamba, koma asasiyidwe mwadzidzidzi popanda kufunsa. Chizungulire poimirira chinenedwe, chifukwa nthawi zambiri chimatha posintha nthawi yomwera kapena pochepetsa Lasix, osataya mankhwala otalikitsa moyo aja.

Gulani sikelo ndipo wodwala azidziyeza m'mawa uliwonse akangochoka kokataya madzi, asanadye kanthu, n'kulemba pa kalendala. Thupi likakwera ndi mapaundi 2 kapena 3 pa tsiku limodzi, kapena mapaundi 5 pa sabata, amenewo ndi madzi osati kunenepa, ndipo imbirani kiliniki tsiku lomwelo. Befu la munthu atangokhala, kupweteka pachifuwa kapena kukomoka, imbani 911.